MBIRI YA GODFREY HUGGINS, DOTOLO AMENE ADATILOWETSA M'CHITAGANYA

Ambiri a ife dzina la Godfrey Huggins tidakumana nalo m'kalasi, pa phunziro la mbiri yakale, pamene mayeso a Fomu 4 adali pafupi. Tinkaliloweza pamodzi ndi la Roy Welensky ndiponso zaka ziwiri zija, 1953 ndi 1963, ndipo titatuluka m'chipinda cha mayeso tidalisiya pomwepo. Koma akuluakulu ena amene amawerenga kalata yathu ino sadachite kulipeza m'buku dzinali ayi. Iwo adakulira pansi pa boma limene munthuyu adakhazikitsa, ndipo ena atate awo adachona ku Halale pa nthawi imene iye adali nduna yaikulu kumeneko. Nchifukwa chake ndaganiza kuti ulendo uno tikumbutsane za moyo wake.

Godfrey Martin Huggins adabadwa pa 6 July 1883 ku Bexley, m'dera la Kent ku Mangalande. Tsikulo mulisunge, tikumana nalonso. Atate ake ankagwira ntchito pa msika wa masheya ku London. Ali mnyamata adaphunzira pa sukulu ya Malvern College, koma adavutika ndi nthenda ya m'khutu imene idamusiya wogontha pang'ono moyo wake wonse. Adaphunzira zaudotolo pa chipatala cha St Thomas's ku London, nagwirako ntchito pa chipatala cha ana cha Great Ormond Street. M'chaka cha 1911 adapita ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kukagwirizira ntchito ya madotolo ena kwa miyezi yowerengeka chabe. Malowo adamukomera ndipo adakhazikika. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka adabwerera ku Ulaya kukathandiza asilikali ovulala, ndipo zimene adaona kumeneko adazilemba m'kabuku kofotokoza kasamalidwe ka anthu odulidwa miyendo ndi manja. Nkhondo itatha adabwerera ku Salisbury komwe adatchuka monga katswiri wa opaleshoni, nakwatira m'chaka cha 1921.

Pa nthawiyo Southern Rhodesia idali m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company, ndipo ulamuliro wake udali kutha. M'mwezi wa October 1922 azungu a m'dzikomo adachita riferendamu yosankha pakati pa kuphatikana ndi South Africa ndi kudzilamulira okha. Huggins adali mbali ya ofuna South Africa, ndipo mbali yakeyo idagonja, mavoti 5,989 kwa 8,774. Iye sadanyanyale. Adalowa chipani cha Sir Charles Coghlan, amene adali atapambana, ndipo m'chaka cha 1924 adasankhidwa kukhala phungu wa Salisbury North. Khalidwe limeneli, loona kumene mphepo ikulowera nkutembenuza bwato msanga, ndilo lidamusunga pa ndale zaka zoposa makumi atatu.

Kwa zaka zingapo adali phungu wamba, wodziwika kwambiri ndi mpeni wa opaleshoni kusiyana ndi zolankhula zake. Mwayi wake udadza ndi mavuto a zachuma amene adagwa pa dziko lonse kuyambira 1929. Boma la Howard Moffat, mdzukulu wa mmishonale uja Robert Moffat, lidadula malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndipo ambiri mwa iwo adali anthu ovotera Huggins, ena odwala ake. Iye adachoka m'chipanicho nalowa cha Reform Party, posakhalitsa nakhala mtsogoleri wake. Chipanichi chidapambana chisankho cha 1933 ndipo mu September chaka chomwecho dotolo uja adakhala nduna yaikulu. Chaka chisanathe adakangana ndi anzake ena a m'chipanimo, tsono adagwirizana ndi adani ake akale kupanga United Party, naitanitsa chisankho china mu 1934 chimene adapambana mosavuta. Kuchokera pamenepo mpando sadautayenso.

Chodabwitsa nchakuti udotolo sadausiye. Ali nduna yaikulu ankayamba wachita opaleshoni m'mawa asanapite ku ofesi, ndipo adachita zimenezi mpaka cha m'ma 1950. Azungu ambiri a m'dzikomo adadutsapo m'manja mwake, kapena mkazi wawo, kapena mwana wawo, ndipo munthu amene adakutumbula nkukusoka bwinobwino sumukana voti msanga. Amene adagwira naye ntchito ankati adali munthu wansangala, wanthabwala zoluma, ndipo kuti mkangano ukamutopetsa m'Nyumba ya Malamulo ankangozimitsa kamakina kake kothandiza kumva nkuwasiya aphungu akulongolola.

Tsono tifike pa zimene adachitira anthu akuda, popeza kuwonjezera pa unduna waukulu iye adasunganso yekha unduna woona za anthu akuda kwa zaka zambiri. Lamulo logawa malo, la Land Apportionment Act, lidakhazikitsidwa mu 1930 iye asanatenge boma. Lidapatsa azungu, amene adali pafupifupi 50,000, theka la dziko lonse, kuphatikizapo matauni ndi nthaka yachonde ya m'mbali mwa njanji, pamene anthu akuda okwana miliyoni imodzi adaunjikidwa m'madera otsalawo. Huggins adalilandira lamuloli ndi manja awiri namangapo ena pamwamba pake. La 1934 lokhudza mikangano ya pantchito silinkawerengera munthu wakuda ngati wantchito nkomwe, kotero kuti mabungwe a antchito ovomerezeka ndiponso ntchito zaluso zidatsalira azungu okha. La 1936 lidakhwimitsa za ziphaso m'matauni. Maganizo ake adawafanizira ndi mapiramidi awiri oimikidwa moyandikana. M'piramidi ya azungu munthu wakuda adali ndi malo pansi penipeni, monga wonyamula katundu ndi wophika. M'piramidi ya akuda munthu akadatha kukwera, kukhala mphunzitsi kapena kalaliki, koma pansonga pake pamayenera kukhala mzungu. Amene adaona tsankho la ku South Africa sangavutike kuzindikira chibale chake.

Nkhaniyi idatikhudza ife Chitaganya chisanabwere nkomwe. Komiti imene boma la Nyasaland lidakhazikitsa mu 1935 idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ambiri a iwo m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya Southern Rhodesia ndiponso ku Joni. M'chaka cha 1936 maboma atatu adasaina pangano ku Salisbury la kayendedwe ka antchito amenewa, ndipo boma la Huggins lidayamba kutumiza malole onyamula anthu mwaulere, aja agogo athu ankangowatchula kuti Ulere. Pambuyo pake kudadza Mthandizi. Choncho m'midzi yambiri ya kuno mudali munthu amene adagonapo m'komboni, adafunsidwapo chitupa pamsewu, adagulapo nyama pa kawindo ka kuseri kwa sitolo. Pamene bungwe la Lord Bledisloe lidayendera maiko atatuwa mu 1938 kufunsa ngati nkoyenera kuwaphatikiza, mafumu ndi anthu ophunzira a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia adakana ndi mawu amodzi, ndipo lipoti la 1939 lidavomereza kuti kukanako kudachokera pa kudziwa m'mene anzawo ankakhalira kummwera kwa Zambezi. Sadachite kuuzidwa ndi munthu wandale.

Sindingakhale wachilungamo ndikapanda kunena kuti pa chitukuko munthuyu adali ndi mutu. Pa nkhondo yachiwiri adapereka dziko lake kuti likhale malo ophunzitsirako oyendetsa ndege a nkhondo a Britain, ndipo anyamata zikwizikwi amene adabwera adadzetsa ndalama ndi misika. Boma lake lidatenga fakitale ya zitsulo nkuikulitsa pafupi ndi Que Que, lidamanga ya thonje ku Gatooma, ndipo mu 1947 lidagula njanji. Mfumu ya ku Mangalande idamupatsa ulemu wa Sir mu 1941. Mafakitalewo ndiwo adagwetsa mapiramidi ake aja, pakuti ankafuna antchito akuda okhazikika m'tauni pamodzi ndi mabanja awo, osati alendo a miyezi isanu ndi umodzi. Huggins adaona zimenezi msanga kuposa azungu anzake ambiri, ndipo kuyambira 1941 adayamba kuvomereza poyera kuti mitundu iwiriyi singalekanitsidwe mpaka kalekale. Sitalaka ya antchito a njanji ya 1945 ndi ina yaikulu ya mu April 1948, imene idayambira ku Bulawayo, zidatsimikiza zomwezo. Pa chisankho cha 1946 adangopulumukira mkamwa mwa mbuzi kwa chipani cha Jacob Smit chimene chinkamunena kuti akulekerera anthu akuda. Kumeneko ankamuona ngati wofewa, kuno tinkamuona ngati mwini tsankho, ndipo mbali zonse ziwiri zidali ndi umboni.

Loto lake lalikulu lidali kuphatikiza Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia kuti likhale dziko limodzi lodzilamulira. Chifukwa chake sichidali chobisika. Kumpoto kudali mkuwa, ndipo nkhondo itatha mkuwawo unkabweretsa ndalama zimene fodya wa kummwera sakadazifika. Kumpotoko adapeza bwenzi, Roy Welensky, amene kale adali woyendetsa sitima ndiponso katswiri wa nkhonya. Boma la Britain linkakana kuphatikizako chifukwa lidalonjeza kuteteza anthu akuda a maiko awiri a kumpoto. Zinthu zidasintha mu 1948 pamene chipani cha Dr. Malan chidatenga boma ku South Africa. Ku London adayamba kuopa kuti Mabunu, amene ambiri ankasamukira kumpoto, adzakokera maiko onsewa ku Pretoria. Welensky atauzidwa kuti za dziko limodzi aiwale koma za chitaganya zingakambidwe, anthu awiriwa adaitanitsa msonkhano ku Victoria Falls mu February 1949. Pa msonkhano umenewo padalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe.

Pali mfundo imodzi imene ambiri tidaiphonya m'kalasi. Huggins sadaifune Nyasaland. Kwa iye dziko lathu lidali losauka, lodzaza anthu akuda oposa mamiliyoni awiri, azungu ochepa zedi, ndipo antchito ake ankawapeza kale popanda kulisenza. Adali a ku London amene adaumirira kuti akafuna mkuwa atengenso Nyasaland, chifukwa iwo adatopa kulithandiza ndi ndalama zawo. Iye adavomera monga munthu wogula ng'ombe amene wauzidwa kuti atengenso mbuzi yodwala. Tidalowetsedwa m'nyumba imene sitidaifune, ndipo mwini nyumbayo sadatifunenso.

Kukana kwa kuno kudali kwa poyera kuyambira pachiyambi. Mu 1949 Dr. Hastings Kamuzu Banda, ali ku London, pamodzi ndi Harry Nkumbula wa ku Northern Rhodesia adalemba chikalata chotsutsa maganizowo. Nyasaland African Congress, imene idakhazikitsidwa mu 1944, idakana. Nduna ya boma la Labour, James Griffiths, itabwera kudzamva maganizo a anthu mu 1951 idamva zomwezo paliponse. Koma mu October chaka chimenecho chipani cha Conservative chidatenga boma, ndipo nduna yatsopano yoona za maiko a atsamunda, Oliver Lyttelton, idaganiza zopitirira ngakhale eni dziko akane. Misonkhano ya ku London ya 1952 ndi ya January 1953 nthumwi za anthu akuda a maiko a kumpoto zidainyanyala. Mafumu athu adasonkha ndalama napita ku Mangalande kukadandaula kwa Mfumukazi, koma sadaloledwe kuonana nayo. Amene adafunsidwa maganizo mwalamulo adali ovota a ku Southern Rhodesia okha, pa riferendamu ya pa 9 April 1953. Ovomera adali 25,570, okana 14,729, ndipo anthu akuda amene adali m'kaundula wa ovota sadafike 500. Ife amene tidaona riferendamu ya 1993, pamene nkhalamba zidayenda ndi ndodo kukaponya voti, tingathe kuyeza tokha kusiyana kwake.

Kuti apambane riferendamu imeneyo Huggins ankalankhula pawiri. Ku London ankagwiritsa ntchito mawu oti ubwenzi wa mitundu, amene adalembedwanso m'mawu oyamba a malamulo a Chitaganya. Kwa ovota ake ankawatsimikizira kuti ulamuliro sudzachoka m'manja mwawo. Fanizo limene limakumbukika kwambiri ndi lija loti ubwenziwo udzakhala ngati wa munthu wokwera kavalo ndi kavalo wakeyo. Otsutsa Chitaganya sadafunenso kupeka mfundo zawo, iye adali atawapatsa kale.

Kuno chaka cha 1953 chidali chowawa. Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu, imene idauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma posonyeza kukana, idachotsedwa pa mpando ili yodwala, ndipo mbusa Michael Scott amene adaithandiza adapitikitsidwa m'dziko. Mu August zipolowe zidabuka ku Thyolo, komwe nkhani ya Chitaganya idasakanikirana ndi madandaulo akale a thangata ndi malo, nkufalikira m'maboma ena a kummwera. Anthu 11 adaphedwa. Pa 7 September 1953 Huggins adalumbira kukhala nduna yaikulu yoyamba ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nasiyira Garfield Todd mpando wa Southern Rhodesia umene adaukhala zaka makumi awiri. Adasunganso unduna wa zakunja ndi wa chitetezo. M'nduna zake zoyamba mudali Welensky ndi Malcolm Barrow, mlimi wachizungu wa kuno.

Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya idali ndi aphungu 35. Akuda adali asanu ndi mmodzi, awiri kuchokera dziko lililonse, ndipo a kuno adali Wellington Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano. Padalinso azungu atatu oimira zofuna za anthu akuda. Mu 1954 phungu wa ku Northern Rhodesia, Dauti Yamba, adapempha Nyumbayo kuti ivomereze kuti mitundu yonse izilandiridwa mofanana m'malo a anthu onse. Imeneyi idali nthawi yoti ubwenzi uja uoneke ndi maso. Huggins adaitsutsa mfundoyo ndipo idagwa.

Kwa ife a sukulu, kagawidwe ka ntchito pakati pa maboma nkofunika kukadziwa. Boma la Chitaganya lidatenga chitetezo, msonkho wa katundu, mapositi, zaumoyo, maphunziro apamwamba ndiponso sukulu za ana a azungu, amwenye ndi makaladi. Sukulu za ana akuda zidasiyidwa m'manja mwa boma la dziko lililonse. Pa msonkho wa malipiro ndi phindu, Nyasaland inkalandira magawo 6 pa 100 aliwonse. Tsono mwana wa mzungu ku Blantyre ankaphunzira ndi ndalama za thumba lalikulu la mkuwa, pamene mwana wakuda ankadalira kathumba ka boma la ku Zomba ndi zopereka za mamishoni. Chitaganya chikuyamba, sekondale zenizeni za ana akuda m'dziko lonse lino zidali zitatu, ya Blantyre, ya Zomba ndi ya Dedza. Amene adapeza malo masiku amenewo akudziwa kuchuluka kwa anzawo anzeru amene adatsala pa Sitandade 6.

Zabwino zidalipo ndithu, ndipo kuzikana nkunama. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene chidatsegulidwa mu 1958, chidamangidwa ndi ndalama za Chitaganya, misewu ina idakonzedwa, ndipo koleji ya University College of Rhodesia and Nyasaland ku Salisbury, imene idayamba kuphunzitsa mu 1957, inkalandira ophunzira a mitundu yonse. Koma zinthu zikuluzikulu zinkathera kummwera. Likulu lidaikidwa ku Salisbury. Damu lamagetsi limene a ku Northern Rhodesia ankayembekeza kuti limangidwa pa mtsinje wa Kafue, boma la Huggins lidalisamutsira ku Kariba mu 1955, ndipo nyumba yoyamba ya makina idamangidwa tsidya la kummwera. Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'chigwa cha makolo awo kuti madzi adzaze. Ndalama zitathera ku Kariba, mapulani a chigwa cha Shire adaikidwa pambali, ndipo magetsi a pa Nkula tidadzawaona mu 1966, titadzilamulira kale.

Mu 1955 adapatsidwa ulemu wina nakhala Lord Malvern, dzina limene adalitenga ku sukulu yake ija ya ubwana. Chaka chotsatira adapempha boma la Britain kuti Chitaganya chipatsidwe ufulu wonse wodzilamulira, koma adakanizidwa. Adapuma kumayambiriro kwa November 1956 ali ndi zaka 73, nasiyira Welensky. Adali atakhala nduna yaikulu zaka 23 zotsatizana, ndipo pa nthawiyo padalibe wina m'maiko a Commonwealth amene adafikapo pamenepo. Adachoka zinthu zikuoneka ngati zili bwino, mkuwa udakali ndi mtengo. Komatu mu March chaka chomwecho anyamata awiri, Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, adali atalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, ndipo nyimbo yawo idali imodzi, yotuluka m'Chitaganya.

Zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Dr. Banda adafika pa Chileka pa 6 July 1958, tsiku limene Lord Malvern ankakwanitsa zaka 75. Pa 3 March 1959 boma lidalengeza za ngozi, asilikali a Chitaganya adabwera kuchokera kummwera, anthu oposa 50 adaphedwa, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay, ndipo atsogoleri a Congress adakatsekeredwa ku Gwelo ndi ku Khami, m'dziko lomwe lija la Huggins. Mkuluyo adapita ku London kukateteza boma m'Nyumba ya Malodi, ndipo m'mawu ake adanyoza anthu akuda onse osaphunzira kuti ndi abodza, zimene zidachititsa manyazi ngakhale omutsatira. Ndimaona kuti pamenepa ndi pomwe nzeru zake zidalekezera. Ankatha kuwerenga mitima ya ovota ake ngati m'mene ankawerengera matenda, koma kukana kwa anthu mamiliyoni ankakuyesa phokoso la anthu ochepa ophunzira, loti lidzatha lokha misewu ndi zipatala zikamangidwa.

Chitaganya chidathetsedwa pa 31 December 1963. Malawi adalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo tsiku limenelo ku Salisbury nkhalamba ija inkakwanitsa zaka 81. Idakhala ndi moyo mpaka kuona Ian Smith akulengeza ufulu wa Rhodesia mosavomerezedwa ndi Britain mu November 1965. Lord Malvern adatsutsa zimenezo poyera, natsutsanso malamulo a 1969 ochotsa dzikolo pansi pa Mfumukazi, koma azungu amene adamuvotera kwa zaka zambiri adali atasiya kumumvera. Adamwalira ku Salisbury pa 8 May 1971 ali ndi zaka 87. Amene mudakhalako ku Harare mwina mudadutsapo pa sekondale ya Lord Malvern ku Waterfalls, imene idatchulidwa dzina lake ikadali sukulu ya ana a azungu okha.